Wakuba Wokwirira Dzenje

Consolata anaima m'dimba la gulu manja ali m'chiuno, akuyang'ana ntchito ya wakuba. Chimene chinkamuzunguza mutu n'chakuti wakubayo anali waulemu. Mbava ya gondolosi imadziwika: imazula chomera chonse n'kusiya dzenje lili yasa, ngati pafukula nkhumba. Koma uyu ayi. Anakumba mbali imodzi yokha, n'kudula muzu umodzi, n'kukwirira bwinobwino, pamwamba n'kuphimbira ndi udzu. Anathiriranso madzi. Munthu kuba n'kuthirira, zinayamba zaonekapo kuti?

Dimba limeneli Consolata ankalinyadira kwambiri. Ntchito yake inali yoyendera midzi ya kwa Zulu, motumidwa ndi kabungwe kena ka pa boma, kuphunzitsa anthu kuti nkhalango ikatha umphawi ndiye umayala mphasa pakhomo. Vuto lalikulu kuderalo linali gondolosi, muzu uja abambo amatafuna kuti zinthu ziziyenda bwino kuchipinda. Anthu anakumba phiri mpaka linachita zipsera, n'kumagulitsa mizuyo kwa opikulitsa opita nayo ku Zambia. Ndiye iye anauza gulu lake kuti m'malo mothamangitsana ndi alonda a nkhalango, adzale gondolosi wawowawo. Anamuseka chaka chathunthu. Tsopano mizu itayamba kukhwima, wina anali atayamba kukolola yekha.

Gulu litasonkhana m'mawa umenewo, maso onse anagwera Laston, bambo wa ana ambiri amene moyo wake wonse unali wa kuphiri.

"Ndi awa, alangizi! Tonse tikuwadziwa," anatero mzimayi wina.

Laston sanatekeseke. "Ine kukumba ndimakumba, sindikana. Kuphiri ndimapita mpaka lero."

"A Laston, nanga tinagwirizana chiyani?" anafunsa Consolata. "Mukazula chonse, mawa mudzakumba chiyani?"

"Mawa ndi la anthu okhuta, alangizi. Ife anjala timadziwa lero lokha. Koma taonani, ine ndikakumba sindikwirira. Nthawi yake ndiipeza kuti? Amene wachita izi ndi mwana wa sukulu yanu yomweyi, wokhoza bwino mayeso."

Anthu anafa nalo phwete. Consolata anaseka nawo, koma kuseka kwake kunathera panjira. Pagulu lonselo munthu womvetsera mawu ake onse analipo mmodzi, ndipo sanali mlimi. Anali Vitus, mphunzitsi wa pulayimale wochokera ku Neno, mwamuna amene chinkhoswe chake ndi Consolata chinkangodikira kuti anthu amalize kukumba mtedza. Vitus ankabwera ku maphunzirowo n'kukhala kumbuyo, mafunso osatha. Muzu umakhwima liti? Wouma ndi wauwisi wamphamvu ndi uti? Consolata ankati n'chikondi, mwamuna kusangalatsidwa ndi ntchito ya mkazi wake. Mtsikana akakonda, ngakhale chifuwa cha mwamuna amachimva ngati nyimbo.

Koma ndi Vitus yemweyo amene ananena, chibwenzi chitangoyamba, kuti asadziwane mpaka atadalitsa ukwati ku tchalitchi. Consolata ananyadira mpaka kuuza anzake kuti wapeza mwamuna woopa Mulungu. Nanga munthu wodikira ukwati, gondolosi amufuniranji?

* * *

Masana Consolata ali pa kabaza wobwerera kwawo, foni inalira. Unali uthenga wochokera kwa Kelvin, mnyamata wa njinga yamoto amene ankapikula gondolosi m'midzi n'kukagulitsa ku Chipata. Kelvin anali ndi zifukwa ziwiri zomudera Consolata: maphunziro ake ankamuonongera malonda, komanso Consolatayo anamukana chibwenzi pamaso pa anzake.

"Mwaswera bwanji alangizi a nkhalango? Ndamva kuti kudimba kwalowa mbewa."

"Ukufuna chiyani Kelvin?"

"Ine palibe. Ndimangofunsa ngati aphunzitsi anayenda bwino kuchokera ku Chipata Loweruka lija."

Consolata anauwerenga kawiri uthengawo. Loweruka limenelo Vitus anamuuza kuti ali ku msonkhano wa aphunzitsi pa boma. Asanayankhe, chithunzi chinalowa. Anali Vitus ndithu, ataima mu famase, chipewa atachitsitsa mpaka m'maso, atavala malaya amizeremizere amene Consolata yemweyo anamugulira. Munthu wa ku Mchinji akafuna kubisa kanthu amathamangira ku Chipata, kuiwala kuti theka la Mchinji limaswera komweko.

"Wogulitsayo ndi mnzanga," unatero uthenga wotsatira. "Akuti ndi timapilisi tabuluu tija todzutsa ogona. Ndiye ndimadabwa, iwe umatiuza kuti mpira sunayambe. Aphunzitsiwa akusewerera bwalo liti?"

"Samala zako, Kelvin."

"Ndikusamala zanga zomwezo. Ine sindidalira mapilisi, Conso, ndipo chitseko sindinatseke."

Consolata anazimitsa foni. Anatsonya mokweza mpaka wakabaza anacheuka n'kufunsa ngati akudwala. Sankadwala. Inali nsanje, ndipo inali ikumuwerengera kale maina a akazi onse amene anamwetulirapo Vitus chiyambire.

* * *

Atafika kwawo anapeza njinga ya malume ake, a Benedicto, itatsamira nkhokwe. A Benedicto, mwini mbumba, sankayenda mwachisawawa pakati pa sabata. Anali atakhala pampando, ndipo mayi ake a Consolata, a Imelda, anali pamphasa akuthothola mtedza mwaukali ngati mtedzawo ndiwo walakwa. Kelvin sanatumize chithunzi chija kwa Consolata yekha.

"Khala apo," anatero a Benedicto. "Ndinanena ine. Munthu wobwera, kwawo sitikudziwa, makolo ake tinangowamva pa foni. Lero tikumva kuti akugula mankhwala a kuchipinda. Chipinda chake chiti? Mphunzitsi ameneyu ali ndi mkazi wina."

"Achimwene, ine nkhawa yanga ndi ina," anatero a Imelda osadzutsa mutu. "Mwamuna wanji woyenda ndi mtsikana nthawi yonseyi osamuvutitsako ngakhale tsiku limodzi? Ine ndinkati ndi kupemphera. Nanga bwanji ngati anagwa mu mpapaya?"

"Amayi!"

"Usandiitane. Ndikufunsa. Munthu wabwinobwino amakagula mphamvu ku sitolo? Iwe ndiwe mwana wanga wamkazi mmodzi yekha. Ukapanda kubereka, mbumba ino yathera pa iwe. Ine ndidzanyamula chiyani, makalata ake a uphunzitsi?"

Consolata anayang'ana pansi. Kugwa mu mpapaya ndi mawu amene anthu amanena akuseka, koma mwamuna akamutchula nawo samuchokanso. Amamutsata kumsika, kumaliro, ngakhale ana a sukulu amamuimbira nyimbo.

A Benedicto anaimirira n'kugwira njinga. "Nkhani zilipo ziwiri. Ngati ali ndi mkazi wina, chinkhoswe palibe. Ngati anagwa mu mpapaya, chinkhoswe palibe. Loweruka masana ndibweranso. Ngati pali yachitatu, udzandiuze."

* * *

Lachisanu ana atangoweruka, Consolata anatulukira kunyumba ya Vitus pa sukulu paja osaimba foni. Anamupeza pakhonde akuchonga makope. Vitus anamwetulira, koma kumwetulirako kunazilala ataona nkhope yake.

"Conso, bwanji osandiuza kuti ukubwera?"

"Ndimayenera kupempha chilolezo? Muli ndi alendo?"

Sanadikire yankho. Analowa m'nyumba, maso ali ponseponse. Ankafuna ndolo, chitenje, tsitsi la mesh pa pilo, chilichonse. Anayang'ana kuseri kwa chitseko. Anasuzumira pansi pa bedi, mkazi wophunzira bwinobwino, mawondo ali pa simenti. Anapeza nsapato zakale ndi kangaude. M'malo moti mtima ukhale pansi, unapsa kwambiri, chifukwa munthu wansanje akasowa umboni amati mbavayo ndi yochenjera.

Fungo ndilo linamutsogolera. Gondolosi ali ndi kafungo kake konunkhira kamene munthu wogwira naye ntchito sangakasokoneze. Kankachokera m'chitini cha shuga pa shelefu. Atatsekula anapeza shuga mulibe, muli timizu todulidwa mwaukhondo, ndi kabokosi ka mapilisi.

Vitus anali ataima pakhomo, cholembera chofiira chidakali m'manja.

"Msonkhano wa aphunzitsi unayenda bwanji ku Chipata?" anafunsa Consolata.

Vitus anayang'ana chitinicho, Consolata n'kupitiriza.

"Gulu lonse likuloza chala a Laston, munthu wosauka, pamene wakuba ndinu. Munakwirira bwino, aphunzitsi, ndakupatsani mamalikisi onse. Tsopano ndiuzeni dzina lake."

"Dzina la ndani?"

"Musandipusitse! Ine mumandipsompsona pachipumi ngati mwana wopita ku sukulu, mphamvu n'kumakathera kwina. Ndi mphunzitsi watsopano uja? Ndi wa kwaya uja amakutengerani mabuku?"

"Palibe mkazi wina, Conso."

"Ndiye izi n'za ndani?"

Vitus anakhala pampando. Anaika cholembera patebulo, n'kuchitenganso. Atayamba kuyankhula, mawu ake anali otsika moti Consolata anachita kusendera.

"Ukukumbuka nditasiya kuthira shuga mu tiyi? Unkandiseka kuti ndine woumira. Anandipeza ndi matenda a shuga. Mankhwala ndikumwa, ali m'chikwama changa cha ku sukulu. Koma matendawa sanabwere okha. Thupi langa linagona, Conso. Lija la umuna."

Panja mbuzi inalira. Consolata anabwezera chitini chija pa shelefu.

"Poyamba ndinkati zitha zokha. Chinkhoswe chitayandikira ndinachita mantha. Ndinayamba ndi gondolosi wako, chifukwa kugula pamsika ndikanaonedwa. Sanandithandize. Kenako ndinalimba mtima n'kuuza adokotala. Anati choyamba shugayo atsike, n'kundilembera mapilisiwo. Ndinaopa kugula pa boma, makolo a ana a sukulu ali paliponse. Ndiye ndinawoloka malire kupita ku Chipata."

"Ndiye zodikira ukwati zija linali bodza?"

"Poyamba sizinali bodza. Kenako ndinabisalamo."

"Nanga mapilisiwo akuthandiza?"

"Adokotala akuti ambiri amathandizika, ndipo ana amabereka. Koma sanandilonjeze. Inenso sindingakulonjeze."

Consolata anamva zinthu ziwiri nthawi imodzi, ndipo anachita nazo manyazi zonse. Choyamba chinali chimwemwe, chimwemwe chenicheni, kuti kulibe mkazi wina. Chachiwiri chinali mantha, chifukwa mawu a mayi ake aja anali atapeza pokhala. Anamuyang'ana mwamunayo. Anali yemwe uja amene anamuperekeza wapansi mvula ikugwa njinga itaphulika, yemwe uja amene ankamudikira panja pa tchalitchi atanyamula ambulera. Ankamukonda, ndipo zinamukwiyitsa kuti ankamukondabe chonchi.

"Mumafuna kundiuza liti? Usiku wa ukwati?"

"Tsiku lililonse ndimati ndikuuza mawa."

"Mwandinamiza, Vitus. Mwandiberanso. Ku gulu mukapepesa nokha, munena kuti munkafuna kuyesa chiyani kaya, koma dzina la a Laston liyere."

"Ndikapepesa. Koma chinthu chimodzi ndikupempha." Anagwada, munthu wamkulu, bondo limodzi pa simenti. "Ukafuna kundisiya, ndisiye, sindikuimba mlandu. Koma usauze munthu. Zikamveka, pa sukulu pano sindingaimenso kutsogolo kwa ana. Lumbira, Conso."

"Dzukani, wina angaone."

"Lumbira kaye."

Consolata analumbira. Ali m'njira m'pamene anakumbukira kuti sanamuuze za Loweruka, za nkhani ziwiri za malume ake. Anafuna kubwerera, koma anaona kuti munthuyo wanyamula zokwanira tsiku limodzi. Anaganiza zoti yachitatuyo aipeze yekha.

* * *

Loweruka a Benedicto anafika mochedwerako, thukuta lili kamukamu ngati achokera kutali. Anakana madzi. Anakhala pampando paja, a Imelda pamphasa, Consolata chapatali pang'ono atapinda miyendo. Foni yake, imene anaimangirira m'chitenje, inayamba kunjenjemera. Anaisiya. Mwana wamkazi sayankha foni mwini mbumba atatsekula nkhani.

"Tikumve," anatero a Benedicto.

Consolata anali atalingalira mpaka mutu kuwawa. Akanena kuti sakudziwa, Vitus akhala wachimasomaso. Akanena zoona, waphwanya lumbiro, ndipo mayi ake saulola ukwatiwo ngakhale bishopu atabwera yekha kudzapempha. Njira inatsala imodzi, ndipo inkadutsa pa mbiri yake ya iye mwini.

"Malume, a Vitus alibe mkazi wina."

"Wadziwa bwanji?"

"Mapilisi aja anagulira ine."

A Imelda anasiya mtedza. "Wati chiyani?"

"Tinalephera kudikira, amayi. Tinayamba kalekale. Anyamata a masiku ano amangomwa zimenezi pofuna kudzionetsa, si kuti pali vuto ayi. Ndinawaletsa, sanamve. Ndimachita manyazi kukuuzani."

Mawuwo anatuluka mosalala moti iye mwini anadabwa. Ankadziwa mtengo wake. Mawa lomwe amayi a mumphakati wa ku tchalitchi adzakhala akunong'onezana, ndipo anzake aja anawalalikira za kudzisunga adzamuseka mpaka misozi. Koma chinkhoswe chikhalapo. Foni inanjenjemeranso.

A Imelda anaomba m'manja kamodzi. "Mwana iwe! Ine kumayenda monyada kuti ndinalera namwali!" Anatukwana, anatchula dzina la malemu amuna awo, anafunsa kuti anthu a ku tchalitchi adzawayang'ana bwanji. Koma Consolata ankawadziwa mayi ake. Pansi pa ukali wonsewo panali mpumulo. Mpaka anafunsa, mawu atatsika, "Ndiye ali bwinobwino?"

"Ali bwinobwino, amayi."

A Benedicto okha ndiwo sanayankhule. Ankangomuyang'ana mwana wa mlongo wawoyo, chala chikugogoda pa bondo. Chete ameneyo anamuopsa Consolata kuposa kukalipa konse kwa mayi ake.

"Unayamba liti kugona naye?" anafunsa pomaliza.

"Chaka chatha, malume."

"Kunyumba kwake?"

"Eya."

"Hmm." Anapukuta thukuta ndi chipewa. "Ukudziwa kumene ndachokera ine? Ndachokera ku sukulu. Ndinati ndisaweruze munthu ndisanamumve. Za mapilisi wakana kundiyankha, wangoti ndi nkhani yoti sangaikambe. Ndiye ndinamufunsa za akazi. Mphunzitsi wako analowa m'nyumba, n'kutulutsa korona yopempherera. Wagwada pamaso panga, korona ili m'manja, n'kulumbira kuti chibwerere ku Mchinji sanagonepo ndi mkazi aliyense. Ndinamufunsa kuti, ngakhale Consolata? Akuti makamaka Consolata, muuzeni aliyense akamuyeze."

Apa m'pamene Consolata anazindikira kuti amene ankamuimbira uja anali Vitus. Foni ija inali itasiya kunjenjemera.

A Imelda anayang'ana mchimwene wawo, n'kuyang'ana mwana wawo. Mpumulo uja unachoka pankhope pawo pang'onopang'ono. "Ndiye wabodza ndani? Ngati iye walumbira zabodza atagwira korona, ndi munthu woopsa. Ngati iwe ukunama, mwana wamkazi sadzipaka matope chonchi popanda chimene akukwirira. Consolata, ukubisa chiyani?"

"Palibe, amayi."

"Tayang'ana kuno!"

"Musiyeni, achemwali," anatero a Benedicto. "Sitivutika. Ndinamuuza mwini wakeyo kuti anditsatire akatseka nyumba."

Belu la njinga linalira kumpanda. Vitus analowa akukankha njinga, atavala jekete ngakhale dzuwa linali likuswa mtengo. Anaiimika, anavula chipewa, n'kunjuta patsogolo pa akuluakulu monga mkamwini wophunzitsidwa bwino. Anamuyang'ana Consolata mwachidule, ndi maso ofunsa chifukwa chake sankayankha foni. Consolata anayesa kumupatsa chizindikiro, koma kodi pali chizindikiro chanji cha nkhani ngati imeneyi?

A Benedicto sanataye nthawi ndi malonje.

"Aphunzitsi, m'mawa munandilumbirira. Koma mwana wathuyu wangotiuza kumene kuti mwakhala mukugona naye kuyambira chaka chatha, ndipo kuti mapilisi aja ndi a iyeyu. Mmodzi wa inu watinamiza. Tikufuna timve pakamwa panu, iye ali pomwepa."

Vitus anatembenuka pang'onopang'ono. Consolata anaona pankhope pake kuti wamvetsa zonse, chimene anamuchitira ndi mtengo wake. Akavomera bodzalo, ndiye kuti analumbira monama ndipo wamuvula bwenzi lake ulemu pamaso pa mayi ake. Akalikana, funso lotsatira linali lodziwika, ndipo a Imelda anali atalikonza kale pamilomo.

"Musayang'ane iye," anatero a Benedicto. "Yang'anani ine. Munagona naye kapena ayi?"